Mmene mungakambiranire ngongole ya ku kliniki

Mwafunsa za ngongole yomwe yatsala mayi atagonekedwa ku kliniki ya pulayiveti mu Tete. Musanapite tengani B.I. (chitupa chanu), fatura (pepala la ndalama zomwe akukulipiritsani), marisiti onse a zomwe munalipira kale, ndi mboni mmodzi wodziwa Chipwitikizi bwinobwino.

1. Pemphani fatura yolemba chinthu chimodzichimodzi, bedi, mankhwala, dilipi, zoyeza magazi. Osangovomera chiwerengero cha pansi chija ayi, nthawi zina amalemba kawiri kapena kuikamo mankhwala oti munakagula nokha ku famasi.

2. Werengerani kunyumba zomwe mungakwanitse pamwezi. Ngati ndalama zanu zimadikira mbatatesi kapena chimanga cha ku Angónia, nenani kuti zambiri mudzapereka mukakolola.

3. Onanani ndi mkulu wa zandalama, wa pawindo uja sangakuchotsereni kanthu. Ngati muli ndi kangachepe m'manja funsani kuti achotsapo zingati mukapereka lero lomwe.

4. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Zapakamwa musavomere, alembe papepala ngongole yonse, ya pamwezi ndi tsiku lake, asayine adinde, kope ina mutenge inuyo, chifukwa munthu munagwirizana naye uja mawa akhoza kuchoka ntchito ndiye wobwerayo azati sindikudziwa.

5. Lipirani ku akaunti ya kliniki osati nambala ya wantchito, mameseji a M-Pesa kapena e-Mola musafufute. Katapila musamuyandikire, bola xitique (chipereganyu) kapena achibale.

6. Mukamaliza akupatseni kalata yoti ngongole yatha. Akayamba kuopseza pitani ku IPAJ, ofesi ya boma yothandiza pa zamalamulo, amathandiza ulere anthu osowa ndalama ya loya.