Kalembedwe ka zolinga za phunziro la Chingerezi ku sekondale

Cholinga cha phunziro chinene zimene wophunzira achite ndi pakamwa kapena ndi cholembera phunziro likamatha. "Kuphunzitsa ndakatulo" ndi ntchito ya mphunzitsi, si cholinga. Nacho chakuti "ophunzira amvetse ndakatulo" n'choperewera, poti kumvetsa sikuoneka ndi maso. Mwana atha kugwedeza mutu mphindi 40 zonse, koma osatolapo kanthu.

Mu 1962 katswiri wa zamaphunziro Robert Mager adagawa cholinga chabwino patatu: ntchito yomwe wophunzira achite, zomwe apatsidwe poichita, ndi muyezo woti wakhoza. Choncho yambani ndi mneni wooneka, monga kutchula, kufananiza, kufupikitsa kapena kutsutsa. Kenako onjezani mbali ziwiri zinazo, chonchi: "Akapatsidwa nkhani ya mawu 400, ophunzira aifupikitse m'mawu awoawo osapitirira 100, osasiyako mfundo zikuluzikulu zinayi." Cholinga chotere chakuuzani kale chochita m'kalasi ndi chomwe mudzachonge.

Aneni amasiyana kulemera. Makwerero a luso la kuganiza a katswiri wina wa zamaphunziro Benjamin Bloom ndi anzake a mu 1956, omwe adakonzedwanso mu 2001, amayambira pa kukumbukira n'kukathera pa kusanthula, kuunika ndi kupanga chatsopano. Fomu 1 ikhoza kukhalitsa m'munsimu, koma ophunzira a chaka chomaliza akamangotchula ndi kundandalika, ndiye kuti zolinga zaima malo amodzi.

Pa chiyankhulo, onani kuti teremu isathe musadakhudze kumva, kuyankhula, kuwerenga ndi kulemba. Kuyankhula ndiko kumaiwalika, chifukwa kuchonga kwake n'kovuta m'kalasi yodzaza. Galamala musaisiye payokha. Wophunzira amene wadzaza bwino mipata 10 ya aneni a nthawi yakale amasokonezabe aneni omwewo m'chimangirizo, chifukwa mpata umamuuza kale poti asinthe. Cholinga chikhale chakuti alembe ndime ya ziganizo zisanu ndi chimodzi zofotokoza zomwe zidachitika kale, osadumphira mu nthawi yatsopano.

Pa mabuku ndi pomwe zambiri zimalakwika. Ophunzira amaloweza manotsi a mphunzitsi n'kumabwereza nkhani kuchokera poyamba mpaka pomaliza, funso likufuna chifukwa chimene mtengambali wasinthira khalidwe. Mankhwala ake ndi kuika umboni m'cholinga momwemo: "Afotokoze kusintha kwa mtengambali wamkulu, apereke umboni wa malo awiri m'buku, ndipo anene zomwe umboniwo ukusonyeza." Gawo lomalizali ndi lomwe ambiri amalidumpha. Pa ndakatulo n'chimodzimodzi. Kudziwa kuti ndakatulo ya mtundu wa soneti ili ndi mizere 14 kapena kuloza chifanifani ndi poyambira chabe. Afunseni kuti chifanifanicho chikuchita chiyani mumzerewo, ndipo chikadachotsedwa pakadasowa chiyani.

Phunziro limodzi lisapitirire zolinga ziwiri, zikachuluka zitatu. Zisanu zimachititsa kuti muthamange, ndipo chomaliza chimasanduka ntchito yokachitira kunyumba. Lembani zolingazo pabolodi m'Chingerezi chosavuta. Kutatsala mphindi zisanu, aliyense alembe yankho limodzi pakapepala. Sanjani timapepalato milu itatu: okhoza, oyandikira ndi osochera. Mulu wachitatu ukaposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kalasi, cholingacho chibwerenso mawa ndi ndime ina yowerenga.