Njinga yanga yoyamba yothamanga ndi chisanu cha ku Leeds

Ine ndine wa ku Dedza, ndipo ndinkadzitama kuti kuzizira ndimakudziwa. Juni wa kwathu uja, wochita kuphwanya nkhuni mbandakucha kuti zala ziwongoke. Nditafika ku Leeds, mzinda wa ku Yorkshire ku England, n'kuyamba ntchito yosamalira okalamba, basi inkandidyera ndalama ndi nthawi yomwe, ndiye ndinati bwanji ndigule njinga. Osati Humber ya agogo ija yonyamula thumba la chimanga pakeriyala, koma yothamanga, ya mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, yomwe kuno amati road bike. Ndinali ndi £600. Ndinaithira yonse panjinga yokha, ndipo apo mpamene ndinalakwa.

Ndalama zanu zigaweni patatu. Magawo awiri apite kunjinga, limodzi lisungidwe la madigadi, matayala, nyali, loko ndi zovala. Njinga ya magiya a Shimano Claris kapena Sora ndi yokwanira kwa munthu woyamba. Za magiya odula a Shimano 105 ndi felemu ya kaboni zisiyeni kaye, mchere womwe amawaza mumsewu nthawi ya chisanu susankha yodula. Felemu ya aluminiyamu ili bwino. Ku sitolo ya Decathlon kuli za Triban, ku sitolo ya Halfords kuli Carrera ndi Boardman. Funsaninso abwana anu ngati ali mu ndondomeko ya Cycle to Work, yomwe boma la Britain linayambitsa mu 1999: kampani imakugulirani njinga, n'kumadula pang'onopang'ono pamalipiro msonkho usanachotsedwe. Koma dziwani kuti saloledwa kudula mpaka malipiro anu atsike kupitirira malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi lamulo, ndiye ambirife a ntchito zolipidwa pa ola timapezeka kuti sitikukwanira.

Yanga ndinagula yakaunjika, kwa bambo wina amene ndinamupeza pa intaneti. Inali yowala, yofiira psuu, maso anga anakanirira pa utoto. Felemu yake inali ya 58 cm, pomwe ine, munthu wa 1.68 m, ndimafunika ya 52 kapena kuyandikira apo. Milungu iwiri yokha, khosi ndi msana zinali zikudandaula, manja akuchita kufunafuna mabuleki. Musagule njinga musanaikwere. Khalani pachishalo, ikani chidendene papedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke bwinobwino osachita kupendekera. Gwirani mahandulo, zigongono zikhale zopindika pang'ono. Ngati ndi yakaunjika, itembenuzeni, muwerenge nambala ya felemu pansi pomwe mapedulo amalumikizana, muifufuze pa BikeRegister, kaundula wa njinga wa pa intaneti, kuti mudziwe ngati si yakuba. Wogulitsa akayamba kuzembazemba pankhani ya nambalayo, tsanzikani.

Koma chomwe ndikufuna mugwiritse ndi ichi: werama, m'bale wanga, uyang'ane pafupi ndi pomwe gudumu limamangidwa. Payenera kukhala timabowo ting'onoting'ono tomangirapo madigadi. Yang'ananinso mpata wa pakati pa tayala ndi felemu. Njinga yanga yofiira ija inalibe timabowo, ndipo tayala loposa 25 mm silinkalowa. Inapangidwira dzuwa ndi mpikisano, osati mvula ya ku Yorkshire. Tsiku loyamba la mvula ndinafika kuntchito ndi mzere wa matope kuchokera m'matako mpaka m'khosi, nsapato zikulira kuti chwa chwa m'khonde monse. Gogo wina amene ndimamusamalira anaseka mpaka kutsokomola. Ndinayesa madigadi aja ongomangirira ndi timalamba, amathandizako, koma amagwedera ndipo mapazi amanyowabe. Madigadi aatali, ophimba gudumu mokwanira, ngati a SKS, ndiwo enieni. Nditagulitsa yofiirayo n'kugula ina yosaoneka bwino koma ya timabowo, ndinaona kusiyana tsiku lomwelo.

Matayala ikani a 28 kapena 32 mm ngati akulowa pamodzi ndi madigadi. Sankhani olimba, monga Schwalbe Marathon kapena Continental Gatorskin. Ndi olemererapo, inde, koma kumata chubu m'mbali mwa msewu, mumdima, zala zitauma gwaa, si masewera. Kunotu kulibe mkulu wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango wokhala ndi beseni la madzi ndi solushoni. Tengani machubu awiri apadera, timapulasitiki tochotsera tayala ndi kapampu, ndipo yesererani kusintha chubu m'nyumba mofunda musanakumane nazo panjira. Valavu yake ndi yopyapyala, yotchedwa Presta: mumayamba mwamasula kamutu kake musanapope. Ine ndinatha theka la ola ndikutukwana pampu yosalakwa. M'nyengo yamvula musapope kuti gwa ngati mwala, tayala lofewerapo pang'ono limagwira msewu bwino.

Za nyali si nkhani yokambirana, ndi lamulo. Kuyambira dzuwa litalowa mpaka litatuluka, njinga iyenera kukhala ndi nyali yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo, chonyezimira chofiira kumbuyo ndi zonyezimira zachikasu pamapedulo. Mawotchi akabwezedwa ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, mdima umafika ngati wakuba. Mu Disembala kuno dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Ine ndimaika nyali ziwiri kumbuyo, chifukwa ya kumbuyo ikazima simudziwa, ndipo ndimazitchaja pa USB ndikangofika kuntchito. Mukamadutsa m'mbali mwa ngalande ya Leeds and Liverpool Canal komwe kulibe magetsi, pamafunika nyali younikiradi pansi, osati yongophethira.

Zovala musavale chijasi chimodzi chachikulu, mutuluka thukuta pachitunda choyamba kenako lizizirira pathupi. Valani zopyapyala zitatu: yamkati yosakhala ya thonje, yapakati yofunditsa, yakunja yotchinga mphepo ndi mvula, yamtundu wowala. Mukamatuluka pakhomo muzimva kazizira pang'ono. Ndalama ikani pamagolovesi abwino ndi zophimba nsapato, poti zala ndizo zimayamba kulira. Kasoti kopyapyala pansi pa helemeti kamapulumutsa makutu.

Loko gulani wachitsulo wooneka ngati D, wokhala ndi chizindikiro cha Sold Secure Gold chosonyeza kuti ndi wolimba, ndipo muzikola felemu, osati gudumu lakutsogolo lokha.

Ndinagwa kamodzi, mu Januwale, pakona ya kamsewu kathu. Msewu unkaoneka wonyowa chabe, koma anali madzi oundana. Sindinagwire ngakhale buleki, ndinangopezeka chagada ndikuyang'ana kumwamba, chiuno chikuyaka. Kuyambira pamenepo, foni ikanena kuti usiku kwazizira kufika madigiri 2 kapena kutsikirapo, ndimasuzumira magalasi a galimoto za aneba. Akayera mbuu, ndimakwera basi, kapena ndimadutsa misewu ikuluikulu yokha yomwe a khonsolo amawazamo mchere.

Mcherewo umakupulumutsani inu koma umadya njinga. Ndinaisiyapo masiku anayi osaitsuka, ndinapeza dzimbiri lili psuu patcheni. Masiku ano Lamlungu ndikachoka kutchalitchi ndimatenga chidebe cha madzi ofunda, sopo wotsukira mbale ndi mswachi wakale. Ndimatsuka malimu ndi mphira za mabuleki kuchotsa timiyala, kupukuta tcheni ndi sanza, kenako kudontheza mafuta a nyengo yamvula, omwe pabotolo amalemba kuti wet lube, kadontho kamodzi pa mfundo iliyonse. Ndimazungulitsa mapedulo chambuyo kangapo, n'kupukutanso mafuta otsala, apo ayi mawa lake buluku la yunifolomu lidzakhala lakuda kumwendo wamanja.