Momwe mungasankhire thanki yanu yoyamba ya nsomba za m'madzi amchere

Ambiri akafuna kuyamba kuweta nsomba za m'nyanja yamchere amathamangira kathanki kakang'ono poganiza kuti n'kosavuta. Komatu ka malita 20 kapena 30 ndiko kamavuta kwambiri. Madzi ochepa sachedwa kusintha. Akaphwa pang'ono mchere umatsala wonse n'kukwera tsiku lomwelo, ndipo nsomba imodzi ikafera kuseri kwa mwala, pofika m'mawa madzi onse aipa. Yambani ndi thanki ya malita 100 mpaka 150, ndipo ikhale yotambalala osati yamsinkhu, chifukwa mpweya umalowa m'madzi kudzera pamwamba.

Musanagule, onani kaye poiika. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, amchere amaposera pang'ono. Mukaphatikiza galasi, mchenga ndi miyala, thanki ya malita 120 imapitirira makilogalamu 150, ndiye tebulo wamba silingathe. Ikhale kutali ndi zenera lolowa dzuwa, apo ayi ndere zidzakusowetsani mtendere.

Thanki yoti wina anagwiritsapo kale ntchito imatchipa, ndipo palibe vuto kuigula bola mufunse ngati munalowapo mankhwala a kopa. Kopa amachiza nsomba koma amapha nkhono, nkhanu ndi makorali (tamoyo ta m'nyanja tooneka ngati zomera kapena miyala), ndipo amakanirira m'miyala ndi mumchenga. Wogulitsa akayamba kuzungulirazungulira poyankha, tengani galasi lokha, miyala yakeyo mumusiyire. Galasilo mulidzaze madzi panja tsiku lathunthu kuti muone ngati silikudontha.

Pa zida mufunika hita yosunga madzi pa madigiri 24 mpaka 26, sefa, nyali, ndi pampu yoti pa ola limodzi izizunguza madzi ochuluka kakhumi kuposa a m'thanki. Protein skimmer, yomwe imachotsa zonyansa m'madzi pogwiritsa ntchito thovu, ndi yabwino koma ndi yodula, ndipo ngati mukuweta nsomba zochepa popanda makorali mutha kuyamba mulibe. Pomwe simuyenera kuumira ndi pa choyezera mchere. Gulani refractometer. Tizoyezera mchere tina tapulasitiki, tokhala ndi kamuvi kosonyeza muyeso, timanama kathovu kamodzi kakangomatirira pamuvipo.

Madzi a pampopi asiyeni, amakhala ndi klorini ndi zina zodyetsa ndere. Gwiritsani ntchito osefedwa ndi makina a RO/DI, omwe amachotsa zinthu zosungunuka m'madzi, ndipo mchere ukhale wopangidwira nsomba za m'nyanja, osati wa kukhitchini. Sungunulani magalamu pafupifupi 35 pa lita iliyonse m'chidebe chapadera, musiye pampu izizunguza usiku wonse, kenako muyeze mpaka refractometer ionetse 1.025, womwe ndi muyeso wa mchere womwe mukufuna.

Tsopano gawo lomwe limaphetsa nsomba za oyamba kumene, ndipo ndi pomwe zinandisokonekera ine. Nsomba zimatulutsa ammonia popuma ndiponso m'ndowe zawo. Ammonia ndi poizoni, ndipo m'madzi amchere, omwe pH yake (muyeso wa asidi m'madzi) imakhala cha pa 8.2, amaluma kwambiri kuposa m'madzi wamba. Amene amamuchotsa ndi mabakiteriya okhala m'timabowo ta miyala. Gulu lina limasandutsa ammonia kukhala nitrite, lina limasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe sapweteka kwenikweni akakhala wochepa. Thanki yatsopano ilibe mabakiteriya amenewa, ndipo kuti aswane mokwanira pamatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi.

Wogulitsa wina anandipatsa miyala yomwe amaitcha live rock, kutanthauza miyala yamoyo yokhala kale ndi tamoyo ta m'nyanja, n'kunditsimikizira kuti mabakiteriya alimo kale, nditha kuthira nsomba sabata yomweyo. Zomwe sananene n'zakuti miyalayo inakhalitsa m'katoni popanda madzi, ndipo tamoyo tonse tomwe tinali pamenepo tinali titafa n'kuyamba kuwola. Madzi anachita mbuu, nsomba zinakwera pamwamba zikupuma mofulumira, zina zikungogona pambali pa galasi. Poyeza ammonia ndi mankhwala osintha mtundu wa madzi, mtundu wa m'kabotolo unafika kumapeto kwenikweni kwa pepala loyerekezera. Chifukwa chake mwala uliwonse muziununkhiza musanalipire. Wabwino umamveka fungo la nyanja, wowola umanunkha ngati dzira lovunda. Miyala youma imatchipa, ilibe tizilombo tobisala, ndipo imadzakhala yamoyo yokha mukaipatsa nthawi.

Njira yoti mabakiteriyawa aswane m'thanki musanathiremo nsomba ndi iyi. Ikani mchenga ndi miyala, thirani madzi, yatsani hita ndi pampu, nyali ikhale yozima. Ponyanimo kachidutswa ka shrimp yaiwisi kaziwolera momwemo, kapena dontheziranimo mankhwala a ammonium chloride mpaka muyeso wa ammonia ufike 2 ppm (mamiligalamu awiri pa lita). Muziyeza ammonia, nitrite ndi nitrate pakapita masiku awiri kapena atatu alionse n'kumalemba penapake. Muona ammonia akukwera kenako n'kutsika, nitrite n'kutsatira, nitrate n'kuyamba kuoneka. Pamene anthu amapupuluma ndi pomwe ammonia wafika pa 0 koma nitrite adakalipo. Dikirani. Zonse ziwiri zikafika pa 0, dontheziraninso ammonia, ndipo akatha yekha pasanathe maola 24 popanda nitrite wotsala, thanki yakonzeka kulandira nsomba. Mabakiteriya ogulitsidwa m'botolo amafupikitsa nthawiyi ndithu, koma musakhulupirire zolembedwa pabotolopo kuposa choyezera chanu. Fumbi lofiirira likayamba kukuta mchenga ndi galasi musachite mantha, ndi ndere za diatom, zimatha zokha.

Nsomba zoyambira zikhale ma clownfish awiri a mtundu wa Amphiprion ocellaris, oswedwera m'thanki osati ogwidwa kunyanja. Ndi olimba, amadya zakudya zam'chitini, ndipo safuna anemone (kamoyo kooneka ngati duwa komwe amabisalamo kunyanja) kuti akhale ndi moyo. Blue tang musamuyerekeze n'komwe, amafika masentimita 30 ndipo amafuna thanki ya malita mazana angapo. Mandarin amakongola koma amadya tizilombo tamoyo tating'onoting'ono, m'thanki yatsopano amafa ndi njala. Ma damselfish amatchipa, koma akakula amazunza anzawo onse.

Uzani wogulitsa aidyetse nsombayo mukuona. Ikakana kudya, ikamapuma mothamanga kapena ikakhala ndi timadontho toyera, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Ku Philippines ndi ku Indonesia asodzi ena amagwira nsomba zokongolazi pozikomola ndi poizoni wa cyanide, ndipo zotere zimatha kuoneka bwino m'sitolo n'kukafera kwanu.

Zotsalazo ndi zachizolowezi. Nsomba yatsopano izikhala kaye m'kathanki kapadera milungu inayi, ndipo muziwonjezera imodzi imodzi. Madzi akaphwa muzithira opanda mchere. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo khumi n'kubwezera amchere atsopano. Dyetsani zochepa zoti zithe m'mphindi ziwiri, ndipo pamwamba pakhale chivindikiro chifukwa nsomba zimadumpha. Za makorali mudzaziganizire thanki ikakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi.