Malangizo kwa a ku Zambia okhala mu Harare: kutsatila za Covid-19 ndi kudziteteza polandila katemela

Atate ndi amayi a kwathu okhala ku Mbare, Highfield, Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi madela ena a Harare, komanso inu madalaivala a mathilaki odutsa pa Chirundu: malangizo a Unduna wa Zaumoyo wa dziko la Zimbabwe amatuluka m'Cingelezi, m'Cishona ndi m'Cindebele. Tawaika m'Cinyanja kuti agogo amene sanazolowele zinenelo zimenezo amve okha, osacita kuuzidwa ndi mdzukulu wothamangila kwina. Tinalemba mu Julayi 2021, nyengo yozizila, pamene mtundu wa kacilombo ka Covid-19 wochedwa Delta unali kufalikila kwambili.

Kuwelenga manambala a tsiku ndi tsiku

Mu 2021, tsiku lililonse Unduna unali kutulutsa lipoti la matendawa pa Twitter, ndipo wailesi ya ZBC ndi manyuzipepala anali kulibweleza. Lipotilo linali kugawa odwala potsata zigawo za dziko. Pamzele wolembedwa Harare, dziwani kuti anali kuwelengelamonso Chitungwiza ndi Epworth, pakuti zonsezi n'cigawo cimodzi.

Ambili amangoyang'ana nambala ya odwala atsopano, n'kunena kuti lelo zacepa. Nambala imeneyo payokha imanamiza. Yambani mwaona kuti apima anthu angati. Mwacitsanzo, akapima anthu 1,000 n'kupeza 200 ali ndi kacilombo, ndiye kuti pa anthu 100 alionse opimidwa, 20 akudwala. Mawa lake akapima 300 cabe n'kupeza 60, nambala yatsika pa pepala koma matenda akali pomwepo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2020 kuti mlili umayamba kuoneka kuti wagwidwa ngati opezeka nako ali osapitilila 5 pa anthu 100 opimidwa, kwa masabata awili otsatizana. Kumapeto kwa sabata opimidwa amacepa, conco musaweluze ndi lipoti la tsiku limodzi. Onani masiku 7 pamodzi. Nambala ya omwalila imabwela mocedwa, cifukwa munthu amene wamwalila lelo anatenga matendawa masabata apitawo.

Palinso lipoti lina limene silisindikizidwa, la m'komboni mwanu. Ngati pamzele wa nyumba zanu mabanja awili kapena atatu agona ndi cifuwa sabata imodzi, ngati malilo akutsatizana, khalani monga munthu amene wauzidwa kuti matenda afika pakhomo, ngakhale wailesi isanachule dela lanu. Za kwathu mungazione pa malipoti a Unduna wa Zaumoyo wa Zambia ndi a ZNPHI, bungwe la boma la Zambia lolondoloza milili. Mauthenga a pa WhatsApp osaonetsa kumene acokela, conde musawatumize kwa ena. Ena mwa akuluakulu athu akana katemela cifukwa ca mau ojambulidwa ndi munthu amene sitimudziwa n'komwe, ndipo zimenezi zimatipweteka mtima.

Malamulo amene analipo mu Julayi 2021: kuyambila pa 29 Juni munthu sanali kuloledwa kuyenda kucokela 18:30 mpaka 06:00, maulendo a pakati pa mizinda analetsedwa, ndipo pamalilo sanali kuloleza anthu opitilila 30. Malamulowa amasintha, conco mvetselani cilengezo catsopano musanakonze ulendo.

Za katemela

Zimbabwe inayamba kupeleka katemela pa 18 Febuluwale 2021 pa cipatala ca Wilkins muno mu Harare. Woyamba kulasidwa anali Waciwili kwa Pulezidenti, a Constantino Chiwenga, amenenso panthawiyo anali nduna ya zaumoyo. Colinga ca boma cinali kufikila anthu 10 miliyoni. Akatemela ovomelezedwa ndi bungwe loona za mankhwala la MCAZ panthawiyo anali Sinopharm, Sinovac, Covaxin ndi Sputnik V, koma amene anali kupezeka kawilikawili ndi awili oyambawo, ocokela ku China. Anapangidwa ndi kacilombo kophedwa kale, kamene sikangakudwalitseni Covid-19. Nchito yake n'kuphunzitsa thupi kuzindikila mdani asanabwele wamoyo.

Mu 2021 katemela anali kupelekedwa pa zipatala za Wilkins, Parirenyatwa ndi Sally Mugabe Central ndi m'makiliniki a khonsolo a m'makomboni. Boma linalengeza kuti m'zipatala zake ndi waulele. Nyamulani citupa canu kapena pasipoti. M'Cishona katemela amati nhomba. Mukanena mau amenewo pageti adzakulozelani kolowela.

Apa ndiye pofunika kusamala kwambili, pamzele. Anthu amalawila m'mamawa kukuzizila, amaunjikana kuti amveko kutentha, masiki atatsitsa pacibwano uku akuceza. Munthu angatenge matenda pamzele womwewo umene wapita kukafunako citetezo. Valani masiki yophimba mphuno ndi pakamwa kucokela pamene mwakwela basi ya ZUPCO mpaka mutabwelela kunyumba, ndipo m'basimo tsegulani zenela ngakhale mphepo ilume. Siyani mpata wa mita imodzi kapena kuposa pakati pa inu ndi wa kutsogolo. Valani juzi yosavuta kuvula, mkati muli malaya a manja aafupi, cifukwa nyeleti amalasa kumtunda kwa mkono. Idyani kanthu musananyamuke ndipo tengani madzi anu akumwa. Okalamba apelekezedwe ndi munthu mmodzi, osati banja lonse. Ngati tsikulo thupi latentha kapena mukutsokomola, musapite pamzele, yambani mwapimitsa.

Musanalasidwe, uzani anesi ngati munatupapo thupi kapena kubanika mutalandila nyeleti ina, ngati muli ndi pakati, kapena ngati mwadwala Covid-19 posacedwapa. Amene ali ndi shuga, BP kapena HIV ndiwo ofunika katemela koposa, cifukwa matendawa amawagwila mwamphamvu. Asaleke kumwa mankhwala awo, kuphatikizapo ma ARV. Mukalasidwa khalani pomwepo mphindi zosacepela 15 kuti anesi akuoneni.

Kadi imene adzakupatsani ili ndi dzina la katemela ndi tsiku lobwelelanso. Isungeni m'pepala la pulasitiki, ndipo muijambule ndi foni. Mu 2021 nyeleti zinali ziwili, ndipo malangizo anali akuti yaciwili ikhale ya mtundu womwewo. Izi zikukhudza kwambili inu oyenda pakati pa maiko awiliwa. Zambia inayamba pa 14 Epulo 2021 ndi AstraZeneca, amene panthawiyo kuno sanali kupelekedwa. Ngati yoyamba munalandilila ku Lusaka kapena ku Chipata, onetsani kadi yanu kwa anesi, musabise kuti mungoyambilanso. Kugula kadi yabodza ndi mlandu, ndiponso pepala limenelo silidzakuthandizani kupuma tsiku limene cifuwa cidzathina.

Mkono kuwawa, mutu, kutopa ndi kutentha thupi pang'ono zimacitika ndipo zimatha pa tsiku limodzi kapena awili. Paracetamol imathandiza. Koma nkhope kapena milomo ikatupa, kapena mukayamba kupuma movutika, thamangilani kucipatala nthawi yomweyo.

Mfundo imene ambili amaiphonya ndi iyi: tsiku lolasidwa simunatetezeke. Thupi limafuna masabata awili pambuyo pa nyeleti yaciwili kuti likhwime. Ngakhale pamenepo, nchito yaikulu ya katemela n'kukutetezani kuti musadwale mwakayakaya kapena kufa. Kutenga kacilombo n'kupatsila ena kumathekabe. Conco masiki isacoke ku Mbare Musika, pamzele wotunga madzi, kapena pamalilo. Tikudziwa kuti m'madela ambili mipope imakhala youma masiku angapo. Sungani cigubu caciwili ca madzi osamba m'manja pafupi ndi khomo, ndi sopo pambali pake, ndipo sambani kwa masekondi 20.

Wina akadwala pakhomo

Zizindikilo ndi kutentha thupi, cifuwa, zilonda za pakhosi, mutu, kutopa, ndi kusamva fungo kapena kukoma kwa cakudya. Zimatha kuoneka mpaka masiku 14 kucokela pamene munakumana ndi wodwala. Mu 2021 nambala ya foni yaulele yoimbila ku Zimbabwe inali 2019. Ku Zambia inali 909. Amene mwacokela ku cigwa ca Zambezi, uzani anesi kuti apimenso malungo, pakuti kuyamba kwake n'kofanana.

Mabanja ambili amacita lendi cipinda cimodzi kapena ziwili, ndiye kupatula wodwala si nkhani yapafupi. Citani zimene zingatheke: wodwala agone pafupi ndi zenela lotsegula, akhale ndi mbale ndi kapu yakeyake, womusamalila akhale mmodzi ndipo onse awili avale masiki. Agogo asamukile kwa acibale ngati kulipo kopita. Kufukiza ndi masamba a zumbani kumatsegula mphuno, koma sikupha kacilombo, ndipo kusakucedwetseni. Wodwala akalephela kumaliza ciganizo popanda kupumila, akamva kupweteka pacifuwa, akasokonezeka mutu kapena milomo ikasintha mtundu, musadikile kuti kuce. Lamulo loletsa kuyenda usiku la mu 2021 silinali kuletsa kupititsa wodwala kucipatala.