Zoyenera Kuchita Kompyuta ya Patebulo Ikauma ndipo Sikirini Yada Bii

Kuno ku Mangochi, kompyuta zambiri zimene zimati zikayaka n'kuuma, kapena kungolira fani koma pasikirini osaoneka kanthu, sizinafe ayi. Kawirikawiri vuto limakhala kutentha, fumbi kapena RAM (kachipangizo kokumbukira zomwe kompyuta ikuchita panthawiyo) imene yasiya kugwira bwino pamalo pake. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti musafulumire kuifomata (kufufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano), chifukwa mudzataya mafayilo anu onse pomwe vutolo silinali mu Windows n'komwe.

Poyamba onani ngati kompyutayo yaumadi. Dinani batani la Caps Lock pa kiyibodi: kanyali kake kakamayaka ndi kuzima, ndiye kuti makinawo akugwirabe ntchito ndipo vuto lili ku mbali ya chithunzi. Pa Windows 10 ndi 11 mungadine pamodzi mabatani a Windows, Ctrl, Shift ndi B, zomwe zimadzutsanso pulogalamu yoyendetsa zithunzi. Zikakanika, gwirani batani loyatsira kwa masekondi pafupifupi 10 mpaka izime.

Kenako yang'anani zingwe. Chingwe cha VGA, chamutu wabuluu chija, chili ndi timano 15, ndipo kamodzi kokha kakapindika chithunzi chingasowe kapena kusintha mtundu. Ngati kompyuta ili ndi khadi la zithunzi lapadera, chingwecho chilowe pa khadilo, osati pa bowo la pa motherboard (bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse za mkati zimalumikizidwapo). Yesaninso monitala ya mnzanu kapena TV kudzera pa chingwe cha HDMI.

Zonsezi zikakhala bwino, tsegulani bokosi, koma muyambe mwazula chingwe cha magetsi kukhoma, n'kudina batani loyatsira kangapo kuti moto wotsalira uthe, ndipo mukhudze chitsulo cha bokosilo musanagwire kalikonse mkati. Apa ndiye pagona nkhani. Mpweya wachinyontho wochokera kunyanja ndi mumtsinje wa Shire, ukasakanikirana ndi fumbi la m'chilimwe, umadetsa timano tagolide ta RAM, moti kompyuta imalephera kuiwerenga ndipo siionetsa chilichonse. Kankhani tizingwinjiri ta m'mbali togwira RAM, chotsani RAM, pukutani timanoto pang'onopang'ono ndi labala yofufutira pensulo, chotsani zinyenyeswa ndi bulashi youma, ndipo muibwezere mpaka mumve kuti yalowa thwa mbali zonse ziwiri. Ngati zilipo ziwiri, yesani imodzi payokha pa malo osiyanasiyana, popeza ndi njira yosavuta yodziwira yomwe yawonongeka popanda kugula kanthu. Mvetserani kulira kwa kompyuta poyaka, ndipo pa makina a Dell muwerenge mmene kanyali ka pa batani kakuphethirira, chifukwa kaliridwe ndi kaphethiridwe kameneka kamasonyeza chimene chavuta malinga ndi buku la mtundu wa kompyutayo.

Kompyuta imene imayaka bwino m'mawa koma n'kuuma masana, makamaka mu Okutobala ndi Novembala dzuwa likamaswa mtengo, imakhala ikutentha mopitirira muyeso. Onani ngati fani ya pa purosesa (ubongo wa kompyuta) ikuzungulira, ndipo muchotse fumbi lomwe lamatirira ngati thonje pa tizitsulo tozizira. Musadabwe kupeza mphemvu kapena nyerere zitamanga momwemo, pakuti zimakonda malo ofunda. Phala lotuwa lomwe limapakidwa pakati pa purosesa ndi chozizira limauma pakapita zaka, ndipo kadontho katsopano kofanana ndi njere ya mpunga kamakwana. Bokosilo musaliike pansi kapena kuliphimba ndi nsalu likuyaka.

Ngati sikirini idakali bii, kabatire kozungulira ka pa motherboard, ka CR2032 ka mavolti 3, mungakachotse kwa mphindi zisanu n'kukabwezera kuti BIOS (pulogalamu yoyambitsa kompyuta poyaka) ibwerere mmene inalili kufakitale.

Chotsalira ndi power supply (kabokosi kogawa magetsi mkati mwa kompyuta), yomwe imavutika kwambiri magetsi akamathimathima kapena mphenzi zikamang'anima m'dzinja. Ngati kumbuyo kwake kuli kaswichi kofiira, kakhale pa 230, osati 115, poti magetsi a m'Malawi ndi a mavolti 230. Bokosi la power supply musalitsegule ngakhale pang'ono, chifukwa limasunga moto woopsa ngakhale mutazula chingwe. Bwerekani ina yabwino muyesere. Mukaona timigolo ta pa motherboard titatupa pamwamba kapena tikutuluka zadzimbiri, pitani ndi kompyutayo kwa katswiri, ndipo mumuuze momveka bwino kuti asakhudze hard disk (mosungira mafayilo) musanakopere mafayilo anu.