Mmene Mungayambire Kusonkhanitsa Zithunzi Zaluso za Masiku Ano

Musanatulutse ndalama, muyenera kuyamba mwazolowetsa maso anu poyendera zionetsero za zithunzi zojambulidwa ndi kamera, monga cha Paris Photo chimene chinayamba mu 1997, kapena cha ku Bamako, m'dziko la Mali, chimene chakhala chikuonetsa ntchito za ojambula a mu Africa kuyambira mu 1994.

Chofunika kuchifufuza kwambiri ndi chiwerengero cha makope. Popeza chithunzi chimodzi chikhoza kusindikizidwa kambirimbiri, wojambula amalonjeza kutulutsa makope owerengeka okha, ndipo nambala ngati 3/10 imatanthauza kope lachitatu mwa makope khumi. Funsaninso ngati chithunzi chomwecho chinasindikizidwa pa mapepala aakulu kapena aang'ono kuposa limene mukugula, chifukwa ogulitsa ena sanena zimenezi pokhapokha atafunsidwa, pamene zimakhudza mtengo wake. Siginecha ya wojambula ndi chikalata chotsimikizira zisasowe.

Kenako dziwani njira imene anasindikizira. Zithunzi za C-print (zamitundumitundu, zotsukidwa ndi mankhwala) zimazilala msanga zikamawombedwa ndi dzuwa kusiyana ndi za gelatin silver (za mtundu wakuda ndi woyera), choncho zipachikeni pakhoma lopanda chinyezi, kuseri kwa galasi lotchinga kuwala kwa UV (kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso), ndipo pepala lisamakhudzane ndi galasilo.