Kuwonjezera maphunziro a ndondomeko za boma muli pantchito kuno Kum'mawa kwa Zambia

Kuyambira mu 2022, pamene ndalama za CDF (Constituency Development Fund, thumba la chitukuko cha m'makonsityuwensi) zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsityuwensi iliyonse, nkhani zambiri zimene kale zinkathera ku Lusaka zikugamulidwa m'makhonsolo mwathu muno. Wokonza mapulani ku Katete, mlembi wa komiti ya wadi ku Chipangali, mphunzitsi wamkulu ku Sinda, onsewa akufunsidwa mafunso amene sukulu yawo yakale sinawakonzekeretse. Chifukwa chiyani mjigo ukumbidwe m'mudzi uno, osati uwo? Lamulo likuti chiyani? Tidzadziwa bwanji kuti ndalama yagwira ntchito yake? N'chifukwa chake ambiri akufuna kubwerera kusukulu, ndipo akuchita bwino. Koma timawona anthu akuyambira kulipira, mafunso n'kubwera pambuyo, ndipo pamenepo ndi pamene ndalama ndi zaka zimatayikira.

Musanayang'ane dzina la yunivesite iliyonse, lembani papepala vuto limodzi la pa desiki panu limene limakusowetsani mtendere. Vutolo ndi limene lisankhe kosi. Ngati mumavutika ndi kayendetsedwe ka ofesi, antchito ndi malamulo a makhonsolo, yanu ndi Public Administration kapena Local Government Administration. Ngati ntchito yanu ndi kulangiza akuluakulu kuti pa njira zitatu atenge iti, funani Public Policy kapena Policy Analysis, ndipo konzekani kukumana ndi masamu ndi za chuma, chifukwa kosi ya Policy yopanda ziwerengero ndi yoperewera. Wofuna kudziwa ngati pulojekiti yathandiza anthu apite ku Monitoring and Evaluation. Nthawi zina simufunika digiri n'komwe: kosi ya sabata imodzi kapena ziwiri ya kagulidwe ka katundu wa boma ingathetse vuto limene digiri ya zaka zinayi singalikhudze.

Dziwaninso masitepe a maphunziro m'dziko lathu. Pa Zambia Qualifications Framework pali milingo 10: dipuloma ili pa 6, digiri yoyamba pa 7, postgraduate diploma pa 8, masters pa 9, PhD pa 10. Kosi yaifupi imene amakupatsirani satifiketi yongosonyeza kuti munalipo siili pa mlingo uliwonse. Imakuwonjezerani luso, koma musayembekeze kuti ikukwezani giredi.

Fufuzani sukulu musanapereke ngwee

Mlimi wosamala sagula mbewu asanawone chidindo pa thumba, ndipo kosi nayo ili ndi zidindo zake. Bungwe la Higher Education Authority (HEA), lokhazikitsidwa ndi lamulo la maphunziro apamwamba la 2013, limalembetsa mayunivesite omwe si a boma komanso kuvomereza makosi. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ambiri amagwera apa. Sukulu ingakhale yolembetsedwa bwinobwino, koma kosi imene mukufunayo n'kukhala isanavomerezedwe. Choncho pa webusaiti ya HEA yang'anani dzina la sukulu, kenako dzina lenileni la kosi, liwu ndi liwu. Mukatero funsani ku ofesi ya sukuluyo kuti akuwonetseni kalata yovomereza kosiyo, ndipo muwone ngati masiku ake sanathe. Funsaninso ngati chilolezocho chikukhudza kuphunzira uli kutali komanso nthambi imene mudzaphunzirako. Sukulu yolongosoka sikwiya ndi mafunso otere. Makosi a ntchito zamanja ndi zaluso ali pansi pa TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro amenewa, ndiye kofufuza ndi kumeneko.

Za maphunziro akunja samalani koposa. Lilongwe ili pafupi ndi ife kuposa Lusaka, ndipo pa Facebook pamadutsa zotsatsa za masters ya pa intaneti tsiku ndi tsiku. Pepala lililonse lochokera kunja, kaya ku Malawi, South Africa kapena India, liyenera kuwunikidwa ndi Zambia Qualifications Authority (ZAQA) kuti adziwe mlingo wake kuno. Lemberani ZAQA musanayambe, osati mutamaliza, ndipo tsimikizani kuti sukuluyo ndi yovomerezeka m'dziko lakwawo. Zizindikiro zoti muthawe ndi izi: masters yotha m'miyezi isanu ndi umodzi, kulandiridwa tsiku lomwelo popanda kufunsidwa mapepala anu akale, kusatchula mayina a aphunzitsi, ndi kukuuzani kuti mutumize fizi pa nambala ya foni ya munthu. Fizi imalipiridwa ku akaunti ya sukulu, ndipo lisiti lililonse lisungeni mpaka mutalandira satifiketi.

Malo odziwika pa maphunzirowa ndi National Institute of Public Administration ku Lusaka, imene inayamba mu 1963, Chalimbana Local Government Training Institute ku Chongwe ya antchito a m'makhonsolo, University of Zambia imene ili ndi Institute of Distance Education, Mulungushi University ku Kabwe ndi Zambian Open University. Ngakhale kumeneko, funso la kosi yovomerezeka lifunsenibe.

Mapepala olowera

Digiri yoyamba imafuna makirediti asanu a Giredi 12, kuphatikiza Chingerezi. Ngati akuperewera, lembani kaye GCE, mayeso obwereza maphunziro a Giredi 12, chifukwa pepala la Giredi 12 limafunsidwabe pokwezedwa pantchito ngakhale mutakhala ndi masters. Zotsatira zanu zitsimikizidwe ndi Examinations Council of Zambia. Pa masters konzani satifiketi ya digiri, transcript, CV ndi makalata a anthu okudziwani pa ntchito kapena pa maphunziro. Chimene chimachedwetsa ambiri n'chaching'ono: dzina la pa NRC (chitupa cha unzika) kusiyana ndi la pa satifiketi, mwina chifukwa cha ukwati kapena chilembo chimodzi. Konzani izi ndi affidavit (kalata yolumbirira) nthawi ikadalipo.

Chilolezo cha kuntchito

Apa ndi pofunika kudekha. Wantchito wa boma kapena wa khonsolo asayambe maphunziro mwakachetechete, ngakhale akudzilipirira yekha ndipo akuwerenga usiku. Yambani ndi kukambirana ndi wokuyang'anirani pa nthawi yowunika ntchito yanu ya pachaka, kuti kosiyo ilembedwe ngati chosowa chanu. Kuchoka apo dzina lanu lilowe mu pulani ya maphunziro ya dipatimenti, chifukwa pempho la munthu amene mulibe m'pulanimo limabwezedwa msanga. Kenako lembani kalata kudzera kwa mkulu wa dipatimenti kupita ku ofesi yowona za antchito, mutaphatikiza kalata yokulandirani kusukulu, umboni woti kosi ndi yovomerezeka, kutalika kwake, masiku amene mudzachoke pantchito, ndi amene adzagwire ntchito yanu mukachoka. Chiganizo chimodzi chofotokoza mmene kosiyo ikukhudzira ntchito yanu ya lero chimalemera kuposa tsamba lonse la mawu okoma.

Yankho likhale lolembedwa. Bwana amene anavomera pakamwa angasamutsidwe mawa, ndipo wobwerayo adzangowona kuti munajomba sabata ziwiri. Ngati mwapatsidwa study leave yolipidwa, mudzasaina pangano loti mukamaliza mudzagwirabe ntchito kwa nthawi yoikika, ndipo mukachoka isanakwane mudzabweza ndalama. Werengani panganolo lonse musanasaine. Dziwaninso kuti pepala latsopano silibweretsa udindo lokha. Kukwezedwa kumadalira malo opanda munthu ndi chigamulo cha komishoni yanu, kaya Civil Service Commission, Local Government Service Commission kapena Teaching Service Commission. Wophunzira kosi yosagwirizana ndi mzere wa ntchito yake angadikire zaka zambiri ali pa giredi yomweyo.

Pa ndalama, musadalire mabasale a CDF, chifukwa anaikidwira ana a kusekondale yogonera komweko ndi ophunzira ntchito zaluso. Ngongole za Higher Education Loans and Scholarships Board nazo zimayang'ana kwambiri achinyamata amene angomaliza Giredi 12. Wapantchito kawirikawiri amadzilipirira. Powerengera musaone fizi yokha. Ikani ulendo wa makilomita pafupifupi 570 wochoka ku Chipata kupita ku Lusaka pa residential (masabata okaphunzira pasukulu pomwepo) ndi pa mayeso, malo ogona, chakudya, mabandulo a intaneti, kusindikiza, ndi ndalama za kafukufuku wa chaka chomaliza, zimene ambiri amaziiwala. Ngongole yodulidwa ku malipiro itengeni mutawerengera zaka zonse za kosi, chifukwa osiyira panjira ambiri amasiya m'chaka chachiwiri thumba litauma. Ofuna masters ya kunja ayesere mabasale monga Chevening ya boma la Britain, imene imafuna zaka ziwiri za ntchito ndi kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri mukamaliza, kapena Commonwealth, imene ilinso ndi mbali ya ophunzira ali kwawo.

Mukayamba, patulani maola 8 mpaka 10 pa sabata ndipo banja lidziwe nthawi zake. Zowerenga zitsitseni pa foni kapena pa laputopu magetsi akadalipo. Musakhutire ndi manotsi a aphunzitsi. Werengani nokha Local Government Act ya 2019, Public Finance Management Act ya 2018, National Planning and Budgeting Act ndi Public Procurement Act za 2020, Eighth National Development Plan ya 2022 mpaka 2026, IDP (pulani ya chitukuko ya khonsolo) ya dera lanu, ndi malipoti a Auditor General onena za makhonsolo, amene amasonyeza poyera pamene ndondomeko yabwino imagwera ikafika pansi. Phunziraninso Excel mpaka muzitha kupeza peresenti ndi kujambula girafu nokha.

Kafukufuku: chepetsani mutu

Kafukufuku ndi amene amasunga anthu chaka china chowonjezera, ndipo chifukwa chake nthawi zambiri ndi mutu waukulu kwambiri. Mutu wonga "FISP ndi umphawi mu Zambia" simungaumalize muli pantchito (FISP ndi pulogalamu ya boma yothandiza alimi ndi fetereza ndi mbewu). Koma kufunsa kuti fetereza anafika liti kwa alimi a m'makampu atatu a zaulimi a ku Kasenengwa, ndipo anachedwera pa sitepe iti, ndi funso limene mungaliyankhe ndi malekodi a ofesi ya zaulimi, mafunso kwa alimi ndi kucheza ndi alangizi. Musanapange mafunso anu, onani zimene zilipo kale: kalembera wa 2022 wa Zambia Statistics Agency, amene anapeza anthu oposa 2.4 miliyoni m'chigawo chino, ndi zolemba za mabungwe a kafukufuku monga ZIPAR, kapena IAPRI pa nkhani za ulimi.

Musapite kumudzi musanalandire chilolezo cha komiti ya ethics ya yunivesite yanu, imene imawona kuti kafukufuku asapweteke anthu, chifukwa zimene mwasonkhanitsa popanda chilolezocho zingakanidwe zonse. Mukachilandira, tengani kalata ya sukulu kwa DC (District Commissioner), kwa Town Clerk kapena Council Secretary, ndi kwa mkulu wa dipatimenti imene ikukhudzidwa. Kumudzi yambirani kwa mfumu ndi anyakwawa, mwaulemu wake, ndipo nenani momveka kuti simukulemba mayina a olandira thandizo. Mukapanda kutero, anthu adzayankha ngati kuti mwabwera ndi fetereza, ndipo ziwerengero zanu zidzapotoka. Mafunso alembedwe m'chilankhulo cha kumaloko, Chinyanja ku Chipata ndi Katete, Chinsenga cha ku Petauke ndi Nyimba, Chitumbuka cha ku Lundazi ndi Chasefu. Ayeseni kaye pa anthu 10 kuti muwone mafunso osamveka. Nthawi yabwino ndi pambuyo pa kukolola, kuyambira cha mu Juni mpaka Okutobala. M'dzinja anthu amakhala kumunda, ndipo misewu ya kuchigwa cha Luangwa imavuta.

Mafayilo a ku ofesi kwanu si anu chifukwa choti makiyi muli nawo. Pemphani chilolezo cholembedwa, chotsani mayina ndi manambala a NRC, ndipo kumbukirani kuti Data Protection Act ya 2021 imateteza zinsinsi za anthu. Olemba kafukufuku pa ndalama apeweni. Tsiku loteteza ntchito yanu mudzaima nokha pamaso pa ofunsa, ndipo funso lachiwiri lidzawulula zonse.

Buku la masamba 80 palibe khansala kapena dairekitala amene adzaliwerenge, choncho litulutseni m'masamba awiri. Ndime yoyamba inene chimene mukupempha kuti chigamulidwe. Kenako vuto ndi ziwerengero ziwiri kapena zitatu, njira zosaposa zitatu, mtengo wa njira iliyonse, lamulo limene likuloleza, ndi ofesi imene iyenera kuchitapo kanthu ndi tsiku lake. Malangizo onga akuti "boma liwonjezere ndalama" sathandiza aliyense. Nenani chimene khonsolo kapena ofesi ya m'boma lanu ingasinthe ndi mphamvu zimene ili nazo kale. Nthawi yoperekera ndi yofunikanso. Chaka cha ndalama za boma chimayamba mu Januwale, ndipo bajeti imaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo cha kumapeto kwa Seputembala ngati si chaka cha zisankho, ndiye pepala lofika mu Disembala laphonya chaka chonse. Pemphani mphindi 10 pa msonkhano wa DDCC (komiti yogwirizanitsa ntchito za chitukuko m'boma lanu) kapena wa komiti ya khonsolo yowona za mapulani, bajeti isanatsekedwe.

Kwa ophunzitsa m'makoleji ndi m'mayunivesite a kuno, kudziwa phunziro ndi kudziwa kuliphunzitsa n'zosiyana, choncho wopanda satifiketi ya kaphunzitsidwe ayambire pamenepo, kenako akwere kuti pepala lake liposeko mlingo umene akuphunzitsa. M'kalasi gwiritsani ntchito nkhani za pakhomo pano. Ndalama za Social Cash Transfer zinayambira ku Kalomo mu 2003, ndipo Chipata ndi Katete anali m'gulu la madera oyamba kumene zinayesedwa zisanafalikire dziko lonse. Nkhani imeneyo yokha ingaphunzitse kasankhidwe ka olandira, mtengo wake ndi kawunikidwe ka zotsatira. Apatseni ophunzira bajeti yeniyeni ya khonsolo kuti aipende, ndipo itanani wokonza mapulani adzayankhe mafunso awo. Posindikiza zofufuza zanu, pewani magazini amene amalonjeza kutulutsa nkhani m'masiku ochepa mukangolipira, chifukwa komiti yokweza aphunzitsi ingakane kuiwerengera. Sungani fayilo imodzi ya makosi onse aafupi, masiku ake ndi maola ake, ndipo satifiketi iliyonse yatsopano muipereke ku ofesi yowona za antchito ndi kalata, kope lodindidwa tsiku lolandirira n'kutsala kwa inu.